MUVI WAULESI PA GEJI YA INJINI

Za M'galaja: Gawo 3

Mmaŵa wina wa mwezi wa Juni, chisanu cha ku Dedza chikadali m'mafupa, mphunzitsi wina wamkulu anaimika galimoto yake yakale pa galaja ya m'mbali mwa mseu. Dandaulo lake linali laling'ono polimva. Akaponda moto, injini inkabangula msanga monga mwa masiku onse, koma muvi wa pa geji yoŵerenga kuzungulira kwa injini unkakwera mozengereza ngati munthu wodzutsidwa pakati pa tulo, ndipo akachotsa phazi unkatsikanso ndi ulesi womwewo.

Mnyamata amene ankaphunzira ntchito pamalopo, wongotsiriza kumene Fomu 4, sanachedwe kugamula mlandu. "Geji yafa iyi, aphunzitsi. Kungofunika kukagula ina ku Lilongwe basi."

Mmisiri wamkulu, amene anali chigonere kunsi kwa lole, anasuzumira nafunsa kuti, "Kodi iwe, wadziŵa bwanji kuti yafa? Wayesa chiyani?"

Mnyamata uja anasoŵa poyankha.

Funso la mmisiriyo ndilo mutu wa nkhani ino, pakuti ndalama zambiri za eni magalimoto zimathera pa zipangizo zosinthidwa popanda mlandu. Muvi wa pa geji uli ngati mthenga woima pa mapeto a ulendo wautali. Uthenga ukafika mochedwa, mwina wachedwetsa ndi woutumiza, mwina njira yaonongeka, mwinanso mthengayo ndiye wadwala miyendo. Ntchito ya mmisiri ndiyo kupeza pamene pagona vuto pa zitatuzi asanatulutse sipanala, ndiponso mwini galimoto asanapise dzanja m'thumba.

NTCHITO YA GEJIYI

Dzina lake la m'mabuku ndi tachometer, kuchokera ku mau aŵiri a Chigriki otanthauza liŵiro ndi muyeso. Imasiyana ndi inzake yoonetsa makilomita pa ola, pakuti iyo siŵerenga liŵiro la matayala. Imaŵerenga kuti mtanda wachitsulo wa m'kati mwa injini wotchedwa crankshaft, umene mapisitoni amaupukusa, ukuzungulira kangati pa mphindi imodzi. Pankhope pake pamalembedwa RPM kapena r/min, ndi manambala oyenera kuchulukitsidwa ndi 1,000. Muvi ukaloza pa 3, ndiye kuti injini ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi, kumene kuli ka 50 pa sekondi iliyonse.

Injini ya petulo yotenthedwa bwino, galimoto itaima, imazungulira pakati pa 600 ndi 900. Malire ake, olembedwa ndi utoto wofiira, amayambira cha m'ma 6,000 pa magalimoto wamba a petulo, ndi cha m'ma 4,000 kapena 4,500 pa a dizilo. Dalaivala wotsika mapiri a ku Chiweta kapena chitunda cha ku Chikwawa ndi katundu wolemera amadalira giya yaing'ono kuti injini ithandize mabuleki. Pamenepo muvi wochedwa ndi mboni yonama: ungathe kuonetsa 3,000 pamene injini yafika kale m'chigawo chofiira.

Chida chimenechi nchakale kuposa galimoto. M'chaka cha 1810 Bryan Donkin wa ku England anafotokoza chipangizo choyesera liŵiro la makina pogwiritsa ntchito mbale yozungulira ya mercury, ndipo bungwe la Society of Arts la ku London linampatsa mendulo yagolide. M'chaka cha 1817 Dietrich Uhlhorn wa ku Germany anapanga chake choyesera makina a m'mafakitale. Kuchokera nthaŵi imeneyo njira imene uthenga umadzera yasintha kangapo.

NJIRA ZINAYI ZA UTHENGA

Njira yoyamba, ya magalimoto ndi mathirakitala akale kwambiri, ndi ya chingwe chachitsulo chozungulira m'kati mwa paipi yofeŵa. Chingwecho chimazungulitsa maginito pafupi ndi kambale kopepuka ka aluminiyamu. Ziŵirizi sizikhudzana konse, koma maginito ozungulirawo amadzutsa magetsi m'kambaleko, ndipo magetsiwo amakakoka kuti katsatire. Sipuling'i yopyapyala ngati tsitsi imakaniza, motero muvi umaima pamene mphamvu ziŵirizi zalingana. Luso lomweli ndilo Otto Schulze analembetsa m'chaka cha 1902 pa geji yoonetsa liŵiro la galimoto.

Njira yachiŵiri ndi ya koyilo, pa injini za petulo. Nthaŵi iliyonse pamene pulagi ithetheka, magetsi a m'koyilo amadulidwa, ndipo geji imaŵerenga kudukadukako kudzera pa waya wa ku mbali ya negative, umene pa magalimoto ambiri a ku Ulaya umalembedwa nambala 1. Apa pali masamu oti aphunzitsi angathe kupatsa ana m'kalasi. Silinda iliyonse imaphulitsa mafuta kamodzi pa kuzungulira kuŵiri kwa crankshaft. Tsono injini ya masilinda 4 imathetheka kaŵiri pa kuzungulira kumodzi, ya masilinda 6 katatu, ya masilinda 8 kanayi. Injini ya masilinda 4 yozungulira ka 3,000 imathetheka ka 6,000 pa mphindi, ndiko kuti ka 100 pa sekondi. Nchifukwa chake geji yochotsedwa m'galimoto ya masilinda 6 nkuikidwa m'galimoto ya masilinda 4 imaonetsa zochepa masiku onse, ngakhale ili yamoyo.

Njira yachitatu ndi ya injini za dizilo zakale, zimene zilibe koyilo kapena mapulagi othetheka. Zina zimatenga uthenga ku alternator, pa kachitsulo kolembedwa W, ndipo zina zili ndi sensa pa pampu ya mafuta kapena pafupi ndi mano a flywheel. Pamene uthenga uchokera ku alternator, lamba ndiye amagwira moyo wa geji. Lamba wokhwepa kapena wothetheka amaterereka injini ikadzidzimutsidwa, alternator nkutsalira m'mbuyo, muvi nawonso nkutsalira.

Njira yachinayi ndi ya magalimoto a masiku ano, kuphatikizapo ambiri mwa ogwiritsidwapo kale ntchito amene amafika m'Malaŵi kuchokera ku Japan. Sensa imaŵerenga mano a gudumu lomangidwa ku crankshaft nkuuza kompyuta ya injini. Kompyutayo imatumiza chiŵerengero ku dashibodi, kaŵirikaŵiri kudzera pa mawaya aŵiri opotana a njira yotchedwa CAN, imene kampani ya Bosch inaionetsa poyera m'chaka cha 1986. Kumeneko kompyuta ina yaing'ono imalamula kamota kakang'ono kamene kamayendetsa muvi pang'onopang'ono ngati wotchi.

Wophunzira ntchito ayenera kuyamba wadziŵa kuti galimoto imene ili patsogolo pake ili m'gulu liti. Kufunafuna waya wa ku koyilo pa lole ya dizilo nkutaya tsiku pachabe.

KODI WAULESI NDANI?

Funso loyamba ndi lakuti: waulesi ndi muvi kodi, kapena injini? Injini imene sefa yake ya mpweya kapena ya mafuta yatsekeka imadzuka mochedwa, ndipo muvi wokwera pang'onopang'ono pamenepo ukunena zoona. Chimodzimodzinso muvi ukamathamangira m'mwamba pa chitunda galimoto osaonjezera liŵiro, mlandu uli pa kilatchi yotha, geji ilibe chifukwa. Khutu la mmisiri ndilo chida choyamba. Galimoto ili pa nyutulo, iye amagunda moto mwachidule namvetsera. Ngati phokoso likwera ndi kutsika muvi usanafike pakati, pamenepo geji kapena njira yake ndiyo yokayikitsa.

Komabe khutu lokha silikwanira, pafunika mboni yachiŵiri. Pa galimoto yakale mmisiri amalumikiza mita yam'manja yoŵerenga kuzungulira, kaya ku koyilo kaya yoloza ndi kuŵala pa pule. Pa galimoto yatsopano amaloŵetsa makina oŵerengera pa soketi ya mabowo 16 yotchedwa OBD-II, imene imakhala kunsi kwa dashibodi mbali ya dalaivala. Soketi imeneyi inakhala lamulo ku America kuyambira 1996 ndipo kenaka inafalikira kwina, ngakhale kuti magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan samvana ndi makina wamba. Ngati makina aonetsa 2,000 muvi uli pa 1,200, kapena afika msanga muvi ukadakwaŵa, ndiye kuti injini, sensa ndi kompyuta zaonetsa kuti zilibe mlandu. Vuto latsala ku dashibodi.

Pali chinanso choyenera kukumbukira. Geji iliyonse inapangidwa kuti ichedweko pang'ono mwadala, kuti muvi usamanjenjemere ndi kuphulika kulikonse kwa mafuta. Muvi uliwonse uli ndi kulemera kwake ndipo sungalumphe nthaŵi yomweyo. Kampani ya Toyota inanena kuti galimoto yake ya Lexus LFA, imene inayamba kupangidwa mu 2010, inapatsidwa muvi wojambulidwa pa galasi la kompyuta chifukwa injini yake inkafika pa 9,000 m'masekondi 0.6, liŵiro limene muvi weniweni sukanalitsata. Choncho kuchedwa kochepa si matenda. Matenda ndi pamene geji yasintha khalidwe limene mwini wake analizoloŵera.

KULONDOLA MAPAZI

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mmisiri wodekha amayamba ndi mafunso, pakuti mwini galimoto amadziŵa zambiri zimene iye yemwe saziyesa kanthu. Kodi vutoli linayamba liti? Linadza mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono? Kodi munthu wina anagwirapo mawaya posachedwa, poika wailesi kapena alamu? Limakula mmaŵa kapena masana? Nanga mageji ena, a mafuta ndi a kutentha, ali bwino?

Yankho lililonse limatseka njira zina nkutsegula zina. Mageji onse akasokonezeka pamodzi, nkovuta kuti onse afe tsiku limodzi. Chokayikitsa ndi chimene amagaŵana, ndicho magetsi oloŵa kapena waya wobwerera. Muvi ukagwa poyatsa nyale zazikulu kapena fani, chizindikiro chikuloza komweko. Ukadzuka munthu atamenya dashibodi ndi chikhatho, pali cholumikizira chokhwepa, mtovu wosweka kapena muvi wokakamira. Ukakhala waulesi pozizira nkuchira potentha, mafuta a m'kati mwa geji alimba.

Atatha mafunso, mmisiri amatenga mita yoyesera magetsi nayamba ndi zotsika mtengo. Batire labwino lodzaza limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikulira. Mavoti omwewo ayenera kupezeka pa pulagi ya kuseri kwa dashibodi. Akachepa kumeneko, ndiye kuti ena akutayika panjira, pa fyuzi yadzimbiri kapena pa switchi yotha.

Pambuyo pake amayesa waya wobwezera magetsi ku thupi la galimoto, umene amakaniko amautcha earth. Waya ameneyu ndiye amaiŵalika kaŵirikaŵiri, chonsecho ndiye gwero la matenda ambiri odabwitsa. Magetsi sagwira ntchito popanda njira yobwerera, ndipo bauti limodzi ladzimbiri limatha kupusitsa dashibodi yonse. Kayesedwe kake nkosavuta: injini ikulira ndiponso nyale zitayaka, chingwe chimodzi cha mita chikhudze mutu wa negative wa batire, china chikhudze waya wa earth wa pa geji. Mita isaonetse zoposa mavoti 0.2. Ikaposa, mankhwala ake ndi kumasula bauti, kupala dzimbiri mpaka chitsulo chiŵale, ndi kumanganso zolimba.

Chachitatu ndi waya wa uthenga weniweniwo. Mita zambiri za masiku ano zili ndi malo olembedwa Hz, oŵerenga kugunda kwa magetsi pa sekondi. Pa injini ya masilinda 4 yotumiza kugunda kuŵiri pa kuzungulira kumodzi, chiŵerengerocho chikachulukitsidwa ndi 30 chimapereka RPM: kugunda 25 ndi 750, kugunda 50 ndi 1,500, kugunda 100 ndi 3,000. Waya wa ku koyilo umalumpha mavoti mazana angapo pothetheka, tsono mita yake ikhale yopangidwira ntchito yotere. Uthenga ukapezeka wabwino pochokera koma wofooka pofika, vuto lili pakati: waya wokhuzuka, wodyedwa ndi makoswe, kapena wolumikizidwa mwa kungopota ndi zala. Pa dizilo, lamba ayambe wayesedwa mawaya asanakhudzidwe.

M'KATI MWA GEJI

Pokhapokha magetsi, earth ndi uthenga zitapezeka zabwino mpamene dashibodi imatsegulidwa. Mutu wa negative wa batire uchotsedwe poyamba. Pa galimoto yokhala ndi thumba la mpweya loteteza pa ngozi, wophunzira asakhudze mawaya a pa chiongolero, amene kaŵirikaŵiri amakhala achikasu, popanda mmisiri wodziŵa.

Choyamba kuyang'ana ndi chooneka ndi maso. Galimoto yokhalitsa pa dzuŵa la ku Nsanje kapena ku Mangochi imatha kupindika nkhope ya geji, muvi nkumakhula pamenepo kapena pa galasi. Kanjira kokalika kooneka ngati uta pa nkhopeyo ndi umboni wokwanira. Nthaŵi zina wina anakankhira muvi pansi kwambiri pamene ankasintha mababu.

Chachiŵiri ndi mafuta. Muvi umazungulira pa kamtengo kachitsulo kochepa ngati singano, ndipo mphamvu youyendetsa njochepa kwambiri. Mafuta akale akasakanikirana ndi fumbi la m'chilimwe amasanduka phala, ndipo phalalo limalimba m'miyezi yozizira. Malowo amatsukidwa ndi sipiriti woyera nkudonthezedwa kadontho kamodzi ka mafuta a wotchi. Oyilo wa injini kapena girisi zimaonjezera matenda. Koma mageji ena, amene muvi wao umakokedwa ndi makoyilo aŵiri opingasana, ali ndi mafuta olemera a silicone oikidwa mwadala kuti muvi usagwedezeke. Mafuta amenewo akalimba muvi umachita ulesi, akatha umavina. Wotsuka mosadziŵa amachiza nthenda imodzi nkubala ina.

Chachitatu ndi bolodi la magetsi. Pali timitsuko tating'ono totchedwa makapasita, timene timasunga magetsi kwa kanthaŵi ndi kusalaza kugunda kwa uthenga. Ena mwa makapasitawa ali ndi madzi m'kati, ndipo madziwo amauma ndi kutentha ndiponso ukalamba. Kapasita yotupa pamutu kapena yochucha isinthidwe ndi ina ya muyeso womwewo, miyendo yake osaitembenuza. Palinso mtovu wolumikizira miyendo ya zipangizo ku bolodi, umene umang'aluka chifukwa cha mabampu ndi kusinthasintha kwa kutentha. Mng'alu wake ndi wochepa ngati tsitsi, wofuna galasi lokulitsa, ndipo kuusungunulanso ndi chitsulo chamoto kumatenga mphindi zoŵerengeka.

Chachinayi ndi kamota ka pa mageji atsopano, kamene kali ndi timagiya tapulasitiki. Timano take tikatha, muvi umadumpha, kukakamira, kapena kugona pa malo olakwika injini itazima. Vuto lotere linadziŵika kwambiri ku America pa magalimoto akuluakulu a Chevrolet ndi GMC a zaka za 2003 mpaka 2006, ndipo kumeneko amisiri anazoloŵera kusintha timamota tokha mmalo motaya dashibodi yonse. Magalimoto ena amayendetsa mivi yonse mpaka kumapeto nkuibweza poyatsa, ndipo muvi wotsalira anzake pa mpikisano umenewo wadziulula wokha. Wochotsa muvi ayambe waika chizindikiro pamene unagona, pakuti ukabwezedwa mopotoka geji idzanama moyo wake wonse.

ZA KUGULA INA

Zoona, pali nthaŵi pamene geji imafadi. Koma kugula dashibodi yakale pa msika wa zitsulo kuli ndi misampha yake, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dashibodi yofanana nkhope ingathe kukhala ya injini ina, ya dizilo mmalo mwa petulo, kapena ya mawaya osanjidwa mosiyana. Pa magalimoto ambiri chiŵerengero cha makilomita amene galimoto yayenda chimasungidwa m'dashibodi momwemo, kotero kuti kusintha kumasokoneza mbiri ya galimoto, ndipo mwini wake woona mtima ayenera kulemba chiŵerengero chakale ndi tsiku losinthira kuti adzauze wogula. Pa magalimoto ena, monga ena a Volkswagen ndi Audi, chipangizo chozindikira kiyi chili m'dashibodi, ndipo injini imakana kulira mpaka zonse zitagwirizanitsidwa ndi kompyuta. Choipa koposa nchakuti ngati mlandu unali pa waya wadzimbiri, dashibodi yatsopanoyo idzadwala nthenda yomweyo tsiku lomwelo, ndalama zitapita kale.

Ku galaja ya ku Dedza kuja, mmisiri wamkulu anatuluka kunsi kwa lole, napukuta manja, napereka moni mwaulemu. Kenaka anafunsa kuti, "Pepani aphunzitsi, kodi masana dzuŵa likatentha muviwu umachitabe chomwechi?"

"Iyayi bambo, masana umakhalako bwino. Umavuta mmaŵa, makamaka mwezi uno."

Mmisiriyo anayang'ana mnyamata uja osanena kanthu, nampatsa mita. Mnyamatayo anayesa batire, anayesa earth, anayesa waya wa ku koyilo, ndipo zonse zinali bwino. Atatsegula geji anapeza kamtengo ka muvi katakutidwa ndi phala lakuda la mafuta ndi fumbi. Anatsuka, anadontheza kadontho kamodzi, nabwezera zonse m'malo mwake. Nthaŵi ya nkhomaliro isanakwane muvi unali kuthamanga pamodzi ndi phokoso la injini, ndipo mphunzitsi uja analipira ntchito ya manja yokha.

Achinyamata amene akuganiza zokaphunzira umakaniko ku masukulu a ntchito zamanja monga Nasawa, Lilongwe, Salima kapena Mzuzu adzapeza kuti maginito, makoyilo ndi makapasita a m'buku la sayansi la ku sekondale akuwadikira kuseri kwa dashibodi. Aphunzitsi nawo angathe kupempha geji yakale ku galaja yapafupi nkuitsegula pamaso pa ana, kuti aone okha kambale kakutsata maginito osakhudzana nawo. Kumasula mabauti munthu amakuphunzira m'mwezi umodzi. Chimene chimatenga zaka, ndiponso chimene chimabweza eni magalimoto ku galaja imodzimodzi chaka ndi chaka, ndi chizoloŵezi chofunsa kuti "ndayesa chiyani?" asananene kuti chinthu chafa.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za geji yoonetsa kutentha kwa injini, ndi zoyenera kuchita muvi wake ukayandikira pofiira.